Webusaiti Iyambire Papepala

Munthu amene ayenda mosafulumira m'misewu ya ku Area 43, kumene mitengo ikuluikulu imaphimba mipanda ya njerwa ndipo phokoso la mumzinda limangomveka chapatali, sachedwa kuzindikira kuti nyumba zambiri zimene zidamangidwa kuti muzikhala mabanja zidasanduka maofesi a mabungwe, malo ogona alendo, sukulu za mkaka ndi zipatala zing'onozing'ono. Ndipo akayang'anitsitsa zikwangwani zokhomedwa pamageti, apeza kuti pansi pa dzina la bungwe ndi nambala ya foni pali kamzere kena koyamba ndi zilembo zitatu zija, www, kamene kamalonjeza kuti zonse zimene mlendo angafune kudziwa zili kale pa intaneti. Lonjezo limeneli silisungidwa nthawi zonse. Mawebusaiti ena ukawatsegula amakupatsa nkhani ya msonkhano wa zaka zinayi zapitazo ngati kuti udachitika dzulo, ena amangozungulira osatseguka kufikira bandulo itatha, ndipo ena adafa kalekale eni ake osadziwa, chikhalirecho chikwangwani chikuitanabe anthu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti eni maofesi amenewa ndi anthu odziwa bwino lomwe kufunika kwa pulani. Mzinda umene akukhalamowu sudangomera wokha. Boma litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968, ndipo akatswiri adayamba ajambula papepala pamene padzakhale Capital Hill, pamene padzakhale City Centre ndi kumene kudzakhale nyumba za anthu, njerwa zisanaumbidwe, kufikira likululo lidasamuka m'chaka cha 1975. Ngakhale lero lino palibe munthu wanzeru amene amakumba maziko ku Area 43 asanatengere pulani yake ku Khonsolo. Koma ikafika nkhani ya webusaiti, anthu omwewo amaitana mphwawo amene wangomaliza kumene ku koleji, namutumizira chizindikiro cha bungwe ndi zithunzi makumi angapo pa WhatsApp, nanena kuti: "Iwe mphwanga, tipangire webusaiti yokongola, ikhale itatha pofika Lachisanu." Buku Lopatulika lidachenjeza kale za womanga nsanja uja amene adaika maziko asanawerengere za m'thumba mwake, nasanduka choseketsa cha odutsa m'njira, ndipo chenjezo limeneli likhudza womanga pa intaneti monga momwe likhudzira womanga ndi simenti.

Tisanapite patali, n'koyenera kuti wowerenga adziwe chimene amagula akalipira webusaiti, pakuti ambiri amapereka ndalama osadziwa chimene alandira. Pali dzina, limene amisiri amalitcha domain, lomwe munthu amalemba pafoni kuti akufikeni. Pali malo, ndiwo kachigawo ka kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yosazimitsidwa usana ndi usiku, imene mumachita lendi chaka ndi chaka. Ndipo lendi imeneyi ndiyo imatchedwa hosting. Pomaliza pali masamba enieniwo, mawu ndi zithunzi zimene mlendo amaona. Webusaiti yoyamba padziko lapansi, imene Tim Berners-Lee adaitsegulira anthu m'chaka cha 1991 ali ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, idalibe chithunzi ngakhale chimodzi, idali mawu okhaokha ndi malo odinapo. Komabe idagwira ntchito yake mokwanira, chifukwa mwini wake adadziwa chimene adaipangira, ndicho kufotokozera anthu za njira yatsopanoyo yolumikizira zolembedwa ndi mmene angaigwiritsire ntchito.

Pamenepa ndiye pagona nkhani yonse. Mmisiri asanaitanidwe, ndalama isanatchulidwe, eni ake ayenera kukhala pansi ndi kuyankha funso limodzi ndi chiganizo chimodzi: kodi munthu akafika pa webusaiti yathu, tikufuna kuti achite chiyani asanachokepo? Mwini malo ogona alendo anganene kuti mlendo aone zipinda ndi mitengo yake, nasungitse malo. Wa chipatala anganene kuti wodwala adziwe thandizo limene lilipo, maola otsegulira ndi nambala yoimbira usiku. Wa sukulu anganene kuti kholo lidziwe fizi ya teremu, tsiku lotsegulira ndi njira yolembetsera mwana. Onani mawebusaiti a boma amene anthu amawagwiritsadi ntchito: amene afuna chilolezo cholowera m'dziko muno amapita pa webusaiti ya e-visa ya nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndipo wamalonda wofuna kupereka msonkho amapita pa Msonkho Online ya bungwe la MRA. Palibe amene amapitako kukasirira mitundu ya utoto. Amapitako chifukwa pali ntchito imodzi yodziwika imene akufuna kuti itheke. Ngati eni bungwe alephera kugwirizana pa chiganizo chimodzi chotere, mmisiri ngakhale waluso chotani sangathe kuwaganizira, ndipo chimene adzawapangire chidzakhala chokongola koma chosalunjika kulikonse.

Ndidakhalapo pa zokambirana zotere pakhonde la ofesi ina m'dera lomweli, tebulo litayalidwa nsalu, makapu a tiyi ali mbwee, mnyamata wopanga webusaiti atatsegula laputopu yake kumapeto kwa tebulo. Mkulu wa bungwe adafuna kuti patsamba loyamba pakhale chithunzi chake ndi uthenga wake wa ndime zisanu. Mayi woona za ndalama adafuna malipoti a chaka ndi chaka, woona za mapulojekiti adafuna zithunzi zonse za kumudzi, ndipo wina adakumbutsa kuti masomphenya a bungwe ndi mndandanda wa maudindo zisaiwalike. Mnyamatayo adalemba zonse mwaulemu, kenaka adakweza mutu nafunsa motsitsa mawu kuti: "Pepani bwana, nanga mayi wofuna thandizo lanu, akafika pamenepa adina pati?" Padakhala bata, chifukwa pa onse okhala patebulopo padalibe amene adamuganizirako mayiyo. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ndipo tsamba loyamba limene lasenza zofuna za aliyense wa mu ofesi limagwa momwemo, chifukwa mlendo akaona zinthu makumi awiri zikumuitana nthawi imodzi amangotseka n'kupita kwina.

Mabungwe a ku Area 43 ali ndi vuto lina lawolawo, limene tiyenera kulinena mosabisa. Ambiri a iwo amayang'ana mbali ziwiri: kwina kuli wopereka thandizo wa ku London kapena ku Oslo, amene afuna malipoti a m'Chingerezi, mayina a akuluakulu a bodi ndi umboni wa mmene ndalama zidayendera; kwina kuli mlimi wa ku Mitundu kapena mtsikana wa ku Kauma, amene afuna kudziwa ngati angathandizidwe, liti, ndi kuti. Onse awiri ndi alendo oyenera ulemu, koma safuna zofanana, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Bungwe lisankhe mlendo wake woyamba, limupatse malo apatsogolo, ndipo winayo limukonzere khomo lake looneka bwino pambali. Ngati zoona zake n'zakuti webusaitiyo ndi ya opereka thandizo, palibe tchimo pamenepo. Livomere, lilembe zowakomera iwowo, ndipo anthu akumudzi liwafikire pa wailesi, kudzera kwa mafumu kapena pa uthenga wa pafoni. Choipa ndicho kudzinyenga kuti tikulankhula ndi onse pamene sitikumveka kwa aliyense.

Ena adzafunsa, ndipo funso lawo ndi lanzeru, ngati webusaiti n'njofunikadi masiku ano pamene Facebook ndi WhatsApp zili m'thumba la aliyense. Kwa mayi wophika makeke kapena wosoka zovala, amene makasitomala ake amamupeza pafoni namulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mwina sikufunika konse, ndipo ndalamazo angachite bwino kugulira ufa kapena nsalu. Koma bungwe, sukulu kapena kampani yofuna kukhulupiridwa ndi anthu amene sadaionepo ikumbukire kuti tsamba la pa Facebook ndi la eni Facebook, amene angathe kusintha malamulo kapena kulitseka osakufunsani. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Komanso nkhani yofunika imene mudalemba kumeneko mwezi wathawu idakwiririka kale pansi pa zatsopano, pamene pa webusaiti yanu mitengo, maola ndi njira yofikira zimakhala pamalo amodzimodzi chaka chonse.

Cholinga chikadziwika, chotsatira ndicho kumuona mlendoyo monga alili, osati monga timamufunira. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 84 adali okhala kumudzi. Ngakhale mwa okhala m'tauni, ochuluka amalowa pa intaneti ndi foni ya m'manja, osati ndi kompyuta. Tsono ganizirani za mayi amene waima pa siteji ya minibasi ku Old Town dzuwa lili paliwombo, mwana ali kumsana, m'dzanja muli foni ya itel yong'aluka galasi, batire latsala pang'ono chifukwa usiku magetsi kudalibe, ndipo bandulo imene wagula ndi ya tsiku limodzi. Akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati chipatala chija chimatsegula Loweruka, kuti asawononge ndalama ya ulendo pachabe. Webusaiti imene idakonzedwa pa laputopu yaikulu mu ofesi ya intaneti yothamanga, yokhala ndi kanema wodziyambira yekha ndi zithunzi zosinthanasinthana pamwamba, kwa mayi ameneyu ndi chitseko chotseka; ndipo iye sadzadandaula kwa wina aliyense, sadzalemba kalata, adzangoika foni m'chikwama, eni ake osadziwa n'komwe kuti pakhomo pawo padafika mlendo nabwerera.

Masamu ake ndi osavuta. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yabwino chimalemera mamegabaiti atatu kapena anayi, kotero kuti zithunzi khumi zoikidwa patsamba limodzi osazichepetsa zimadya mamegabaiti makumi atatu kapena anayi a bandulo ya mlendo. Pamene chithunzi chomwecho chikachepetsedwa bwino chimatha kupepuka koposa kakhumi, diso osaona kusiyana kwenikweni pagalasi la foni. Chimodzimodzinso chizolowezi choika chidziwitso chofunika, monga fizi ya sukulu kapena mwayi wa ntchito, mu PDF imene munthu ayenera kuyamba waitsitsa, n'kumaikoka ndi zala uku ndi uku kuti awerenge: chimenechi n'chosavuta kwa mlembi wa mu ofesi, koma n'cholemetsa kwa wowerenga. Kuyambira m'chaka cha 2010, pamene Ethan Marcotte adafotokoza njira yopangira masamba odzisintha okha molingana ndi kukula kwa galasi, amisiri akhala ndi zida zokwanira zochitira zimenezi bwino. Chimene chimasowa kawirikawiri si luso la mmisiri, koma mwini ntchito woti anene kuyambira pachiyambi kuti: ndionetseni pafoni poyamba, za pakompyuta tiona pambuyo.

Tsopano tifike pa kayalidwe ka masamba, ntchito imene ambiri amaiopa poganiza kuti ndi ya akatswiri okhaokha, chikhalirecho imafuna mapepala, lumo ndi pensulo basi. Dulani timapepala ting'onoting'ono, ndipo pa kalikonse mulembe chinthu chimodzi chimene mlendo angafune: mitengo, maola, njira yofikira, nambala ya foni, ntchito zimene mumagwira, mmene angalipirire, mbiri ya bungwe, malipoti. Mukatero tiyaleni patebulo, ndipo itanani anthu angapo, aliyense payekha, kuti aunjike pamodzi timene akuona kuti n'togwirizana ndi kutchula dzina la mulu uliwonse. Mudzadabwa kuona kuti anthu akunja saunjika monga mwa nthambi za ofesi yanu, pakuti iwo sadziwa kuti zakuti zili m'manja mwa woona za ndalama ndipo zakuti zili kwa woona za mapulojekiti. Amaunjika monga mwa zosowa zawo. Milu imene yatuluka, isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiyo mitu ya webusaiti yanu, ndipo mayina amene anthuwo atchula ndiwo oyenera kulembedwa pamwamba, ngakhale atakhala osamveka apamwamba ngati amene mumalemba m'malipoti.

Kenaka tengani pepala, mulipinde kuti lifanane ndi kukula kwa foni, ndipo mujambule tsamba loyamba ndi mabokosi wamba. Pamwamba penipeni, pamene diso limayamba kugwera munthu asanatsitse chala, pakhale dzina lanu, chiganizo chimodzi chonena chimene mumachita ndi amene mumawachitira, ndi batani limodzi la ntchito yaikulu ija mudagwirizana: kuimba foni, kusungitsa chipinda kapena kulembetsa mwana. Mbiri ya bungwe ndi uthenga wa bwana zili ndi malo ake, koma malowo ndi m'katikati, kumene wofuna adzazitsata yekha.

Pa za njira yofikira ndiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa m'madera ano ndi nkhani yaikulu. Nambala ya puloti imathandiza a Khonsolo ndi a Water Board, koma wakabaza saidziwa, ndipo mipanda ya ku Area 43, Area 10 ndi Area 12 imafanana kotero kuti mlendo angathe kudutsa pageti lanu kawiri osalizindikira. Lembani njira monga mmene mungamuuzire mbale wanu pafoni: akachoka ku City Centre atsate msewu uti, akhote pati, aone chiyani kudzanja lamanja, geti ndi la mtundu wanji, ndipo wobwera pa minibasi atsikire pati ndi kuyenda mtunda wotani. Onjezani chithunzi chimodzi cha getilo ndi malo odinapo otsegula mapu a Google. Ndime imodzi yotereyi imathandiza anthu ochuluka kuposa masamba khumi a masomphenya.

Zojambula za papepalazi musazisunge m'kabati. Zionetseni kwa anthu, pakuti safunsa adadya phula. Katswiri wina wa za mawebusaiti, Jakob Nielsen, adalemba m'chaka cha 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kumaulula zolakwika zambiri za kayalidwe ka masamba, ndipo anthu asanu muli nawo kale pabwalo panu: mlonda wa pageti, mayi wokonza mu ofesi, dalaivala, kasitomala mmodzi ndi mwana wa sukulu. Mupatseni aliyense pepalalo, nimunene mwaulemu kuti: "Bambo, tayerekezani kuti mukufuna kudziwa mtengo wa chipinda, mungadine pati?" Mukatero khalani chete, musamuthandize, muone pamene chala chake chikuzengereza. Pamene wasokonezeka, cholakwa si chake, ndi cha pepala. Ndipo kukonza pepala kumafuna labala yekha, pamene kukonza webusaiti yomalizidwa kale kumafuna ndalama zina ndi mkangano ndi mmisiri.

Mawu a pa webusaiti alembedwe ndi eni ake, ndiponso alembedwe mmisiri asanayambe ntchito, chifukwa mawebusaiti ambiri amaima miyezi yathunthu podikira ndime ziwiri zimene aliyense mu ofesi ankayesa kuti mnzake ndiye alemba. Ndipo pano mtima wanga suleka kudandaula poona kuti mabungwe amene amati amatumikira anthu akumudzi salembako ngakhale tsamba limodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Sikofunika kumasulira malipoti onse. Koma tsamba lonena thandizo limene lilipo, oyenera kulilandira ndi njira yolipezera liyenera kukhala m'chilankhulo cha wolandirayo, lolembedwa ndi munthu wochidziwa bwino. Akumbukiridwenso abale athu osaona, amene foni imawawerengera mokweza zolembedwa: chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ofotokoza chimene chilipo, ndipo chidziwitso chofunika chisakhale m'chithunzi mokha, monga timachitira poika positala yojambulidwa m'malo molemba mawu ake.

Lamulo nalonso lili ndi mawu pa kayalidwe ka masamba. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016 limafuna kuti wofalitsa zinthu pa intaneti aonetse poyera dzina lake, keyala yake, nambala ya foni ndi imelo, kuti anthu adziwe amene akulankhula nawo. Ndipo lamulo la Data Protection Act la chaka cha 2024, limene woliyang'anira ndi bungwe la MACRA, limaika udindo pa aliyense wosonkhanitsa mayina, manambala ndi zinsinsi za anthu. Chifukwa chake fomu iliyonse imene mufuna kuika iyambe yafunsidwa ngati n'njofunikadi, amene adzawerenge mayankho ake ndani, ndipo adzasungidwa kuti. Chipatala kapena bungwe lothandiza ana lisapemphe pa fomu zimene silingathe kuzisunga mosamala, ndipo nkhope za ana ndi za odwala zisaikidwe pa intaneti popanda chilolezo chomveka bwino cha eni ake.

Chatsala ndi chimene chimapha mawebusaiti ambiri a mumzinda muno, ndicho kusadziwa mwini dzina ndi wolipira lendi. Dzina lothera ndi .mw, chizindikiro cha dziko lathu chimene kwa zaka zambiri chakhala chikusamalidwa ndi Malawi SDNP, kapena lothera ndi .com kapena .org, siligulidwa kamodzi n'kutha. Limalipiridwa nthawi ndi nthawi, ndipo likapanda kulipiridwa limatayika, mwinanso kutengedwa ndi munthu wina. Kawirikawiri mmisiri amalilembetsa m'dzina lake ndi pa imelo yake, osati mwa chinyengo ayi, koma pofuna kufulumiza ntchito. Ndiyeno akapeza mwayi ku Johannesburg kapena akasintha nambala, uthenga wokumbutsa za malipiro umapita kwa iye, ndipo bungwe limadzazindikira webusaiti ndi maimelo ake onse zitazima. Komanso hosting yambiri imalipiridwa m'madola. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi yomweyo idakwera mtengo m'makwacha popanda chilichonse chowonjezeka, ndipo mabungwe amene adaika webusaiti pa bajeti ya pulojekiti ya zaka ziwiri adapezeka alibe polipirira pulojekitiyo itatha.

Chifukwa chake pa pepala lomwe lija la pulani palembedwenso dzina la wogwira ntchito mmodzi amene adzayang'ane webusaiti mwezi ndi mwezi, kusintha mitengo ndi kuchotsa zakale. Ndipo ngati munthu wotere palibe, tsamba la nkhani zatsopano lisaikidwe n'komwe, pakuti masamba anayi onena zoona aposa makumi awiri onena zakale. Inu amene mukuganiza zotsegula webusaiti chaka chino, kaya muli ku Area 43, ku City Centre kapena m'kashopu ka ku Old Town, musasaine mgwirizano ndi mmisiri musanaonetsetse kuti dzina lalembetsedwa m'dzina la bungwe lanu ndi pa imelo ya bungwe lanu, kuti mapasiwedi onse aperekedwa m'manja mwanu polemba, ndi kuti tsiku lolipira lendi ya chaka chamawa lalembedwa m'buku la woona za ndalama.